Ana awiri a Parysatis

Ambirife dziko la Persia tinalimvera ku Sande sukulu. Kumeneko ndi kumene tinakumana ndi Koresi amene analola Ayuda kubwerera kwawo, Ahaswero ndi phwando lake la masiku 180, komanso Nehemiya amene ankaperekera chikho kwa mfumu ku Susa. Ine chimene chinandikhala m'mutu ndi mantha a Estere, aja akuti wolowa kwa mfumu osaitanidwa ndi wakufa basi, pokhapokha mfumuyo itamutambasulira ndodo yake yagolide. Ndili mwana ndinkadabwa kuti imeneyo inali nyumba yanji, yoti mkazi nkusala kudya masiku atatu asanakaonekere kwa mwamuna wake. Nditakula ndinakumana ndi nkhani ina ya m'nyumba yomweyo, imene m'Baibulo mulibe, ya mayi wina dzina lake Parysatis ndi ana ake aamuna awiri amene anakathera polasana mikondo pafupi ndi Babylon m'chaka cha 401 Khristu asanabadwe. Nkhaniyi ndaibwereza kangapo, ndipo nthawi iliyonse amene ndimamumvera chisoni amakhala wina.

Tiyambire kwa bambo wa anyamatawa, chifukwa mmene iye anatengera ufumu ndi mmenenso ana ake anaphunzirira. Mfumu Artaxerxes woyamba atamwalira cha m'ma 424, mwana wake Xerxes wachiwiri anakhala pampando masiku 45 okha, mbale wake Sogdianus nkumupha. Sogdianus naye sanamalize chaka. Mbale wawo wachitatu, Ochus, wobadwa kwa mkazi wam'mbali wa ku Babylon, anakopa mkulu wa asilikali apakavalo ndi bwanamkubwa wa ku Egypt, nalanda mpandowo mu 423, nadzitcha Darius wachiwiri. Mkazi wake anali Parysatis, mlongo wake wa bambo mmodzi koma amayi osiyana. Kwathu kuno ufumu ukasowa mwini mbumba imakhala pansi, ndipo ngakhale mkangano ufike kukhoti, mbali zonse zimakhala zikutchula mwambo. Ku Persia mwambo wolimba unali umodzi wokha: mfumu ichokere m'banja la Achaemenes, kholo la mafumuwo. Nanga ndani mwa ana ambirimbiri a m'banjamo? Mfumu inkatha kuloza mwana amene yamufuna, kawirikawiri woyamba kubadwa, koma ikangotseka maso mawu akewo ankalimba pokhapokha akuluakulu okwanira atawaimira kumbuyo.

Ufumuwo unkayambira ku Egypt ndi m'mphepete mwa nyanja ya Aegean mpaka ku mtsinje wa Indus. Unagawidwa m'zigawo pafupifupi 20, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, amene Agiriki ankamutchula kuti satrap. Ameneyu anali ngati mfumu yaying'ono, wokhala ndi nyumba yake yaikulu, nkhalango zake zosakamo nyama, alembi ake ndi asilikali ake. Ankatolera msonkho, kuweruza milandu, ngakhale kumenyana ndi bwanamkubwa mnzake, bola za mfumu zizifika. Chimene chinkamanga zigawozi pamodzi ndi msewu ndi kalata. Msewu wochokera ku Sardis, mzinda wa kumadzulo, kukafika ku Susa unali wa makilomita pafupifupi 2,500, wokhala ndi malo opumulirapo 111. Woyenda pansi ankatha miyezi itatu, pamene amithenga a mfumu, posinthana akavalo usana ndi usiku, ankaudutsa m'masiku owerengeka. Makalata ankalembedwa m'Chiaramu pa zikopa, ndipo ena alipo mpaka lero. Arshama, bwanamkubwa wa ku Egypt yemwe uja anathandiza Ochus, analembera kapitawo wake Nakhthor kalata ya ulendo yolamula akuluakulu a m'njira kuti tsiku lililonse azimupatsa ufa, vinyo kapena mowa, ndi chakudya cha akavalo. Kumapeto kwake anawonjezera kuti akakhala pamalo amodzi kupitirira tsiku limodzi, masiku enawo asamupatse kanthu. Boma lake linali lowerengera chotero, mpaka muyezo wa ufa.

Pamwamba pa alembiwo, ufumu unkayendera mphatso. Mfumu inkapatsa munthu mkanjo wofiirira, chibangili chagolide, lupanga lalifupi, kavalo wa zingwe zagolide, mudzi, mzinda wathunthu, mwinanso mwana wake wamkazi. Wolandirayo ankadziwa kuti wamangika, ndiponso kuti dzanja lomwelo likhoza kumulanda mawa. Choncho maso a aliyense ankakhala pa amene ali pafupi ndi khutu la mfumu: mayi ake, mkazi wake, mdindo wofulidwa wa kuchipinda, mkulu wa asilikali 1,000 olondera pakhomo. Magulu olimbana m'nyumbamo ankalukidwa ndi chibale, maukwati ndi ngongole za ulemu.

Asilikali wamba ankachokera m'nthaka. Ku Nippur, kum'mwera kwa Babylon, ofukula zakale anapeza mu 1893 mapale a dongo oposa 700 a banja lina lamalonda, la Murashu. Mapalewo amaonetsa kuti boma linkagawa minda yotchedwa munda wa uta, munda wa kavalo ndi munda wa galeta. Wolima munda wa uta ankayenera kutulutsa munthu wa uta mfumu ikaitana, apo ayi alipire siliva. Phale lina limanena za Gadal-Yama, munthu wa dzina lachiyuda, amene anavomera kupita ku msonkhano wa asilikali ku Uruk m'malo mwa wina wa kwa Murashu, atapatsidwa kavalo, malaya achitsulo, chisoti, mivi yoposa 100 ndi mikondo iwiri. M'mapale omwewo dzina la Parysatis limapezeka monga mwini minda wokhala ndi akapitawo ake. Mulinso chinthu chimene chimandipweteka ndikachiganiza. M'chaka choyamba cha Darius wachiwiri, chomwe chija cholimbirana mpando, mapale a ngongole anachuluka kwambiri, alimi akupinyoletsa minda yawo ya uta. Akatswiri ena amati anthuwa ankakongola kuti akwanitse zimene nkhondo ya ana a mfumuwo inkafuna. Mpando anaupeza ndi Ochus, ngongole inatsala ku Nippur.

Mwana wamwamuna wamkulu wa Parysatis anali Arsaces, wobadwa bambo ake asanakhale mfumu. Cyrus, amene anamutcha dzina la Koresi wamkulu uja, anabadwa bambo ali kale pampando, ndipo ndi amene mayi ake ankamuika kumtima. Arsaces anakwatira Stateira, mwana wa Hydarnes, wa m'banja lina lotchuka, ndipo mlongo wa Stateira, Terituchmes, anapatsidwa mwana wamkazi wa mfumu, Amestris. Maukwati awiriwa anali oti amange mabanjawo pamodzi. Koma Terituchmes anakonza zopha mkazi wakeyo nkupanduka, ndipo chiwembucho chitaululika Parysatis anaphetsa a kwa Hydarnes, mayi ndi ana omwe. Stateira anapulumuka chifukwa Arsaces analira pamaso pa makolo ake kumupepesera. Tamuganizirani mtsikana ameneyu, kukhala nyumba imodzi ndi apongozi amene anaphetsa mayi ake omubereka.

Cha m'ma 407 Darius anatumiza Cyrus, mnyamata wa zaka pafupifupi 16, ku Sardis kukalamulira Lydia, Phrygia ndi Cappadocia, komanso kukhala mkulu wa asilikali a kumadzulo konse. Kumeneko kunali kale mwini wake, Tissaphernes, nkhalakale pa ndale za Agiriki. Nzeru yake inali yoti Athens ndi Sparta, mizinda ya Agiriki imene inali pankhondo, izingotopetsana, Persia isathandize wina mpaka kupambana. Kubwera kwa mnyamatayu kunamutsitsa pansi. Cyrus anagwirizana ndi Lysander, mkulu wa zombo zankhondo za ku Sparta, namuthira ndalama, nakweza malipiro a opalasa zombo kuchoka pa timakobidi titatu kufika pa tinayi patsiku. Mu 404 Athens inagonja. Chaka chomwecho Darius anamwalira ku Babylon, ufumu nkupita kwa Arsaces, amene anatenga dzina loti Artaxerxes wachiwiri.

Mfumu ankailonga ku Pasargadae, kumene kuli manda a Cyrus wamkulu, Koresi uja. Inkalowa m'kachisi, kuvula zovala zake, kuvala mkanjo umene Cyrus wamkuluyo ankavala asanakhale mfumu, kenako kudya nkhuyu zouma, kutafuna njere za mtengo wa terebinth ndi kumwa chikho cha chambiko, zakudya za abusa a m'mapiri kumene makolo awo anachokera. Mwambo usanayambe, Tissaphernes anabwera ndi wansembe wina kudzanena kuti Cyrus akufuna kubisala m'kachisimo kuti abaye mkulu wake akamavula. Cyrus anagwidwa kuti aphedwe. Akuti Parysatis anamukumbatira, namukulunga ndi tsitsi lake, naika khosi lake pa khosi la mwanayo, mpaka mfumu inamuleka nkumubwezera ku Sardis ndi udindo wake womwe. Apa chisoni changa chimapita kwa Artaxerxes. Kupha mng'ono wake kukanamudanitsa ndi mayi ake mpaka kalekale, koma pomusiya anatumiza kumadzulo munthu wokhala ndi chigawo, ndalama ndi manyazi ofuna kubwezera.

Cyrus anayamba kusonkhanitsa asilikali mwakachetechete. Nkhondo ya Agiriki inali itangotha, ndipo amuna ambirimbiri odziwa chishango ndi mkondo zokha anali pa ulova. Clearchus, munthu wa ku Sparta wothamangitsidwa kwawo, anapatsidwa ndalama zagolide 10,000 kuti alembe anthu aganyu. Kwa mkulu wake Cyrus ankati akulimbana ndi Tissaphernes pa za mzinda wa Miletus, kenako nkumati akukalanga anthu a m'mapiri a Pisidia. Msonkho ankatumizabe, ndipo mfumu sinadandaule kuona abwanamkubwa ake awiri akudyana. Tissaphernes yekha ndi amene anaona kuti khamu lotere silingakhale la anthu a m'mapiri, nathamanga ndi apakavalo 500 kukachenjeza mfumu.

Ananyamuka ku Sardis mu 401. Agiriki anafika pafupifupi 13,000, kuwonjezera pa asilikali a m'zigawo zake otsogozedwa ndi Mperisi wina, Ariaeus. Mmodzi mwa Agirikiwo anali Xenophon wa ku Athens, amene pambuyo pake analemba zimene anaona, ndipo ndi kwa iye kumene timapezako tinthu ting'onoting'ono toonetsa mmene anthu ankakhalira. Malipiro anachedwa miyezi yoposa itatu, mpaka Epyaxa, mkazi wa mfumu ya ku Cilicia, anabwera ndi ndalama zimene zinalipira miyezi inayi. Mwamuna wake Syennesis anachenjera: mwana mmodzi anamutumiza ndi Cyrus, wina kwa Artaxerxes. Ku Tarsus asilikali anakana kupitirira kwa masiku 20, namugenda Clearchus ndi miyala, mpaka malipiro anakwera kuchoka pa ndalama imodzi yagolide kufika pa imodzi ndi theka pamwezi. Zoona zake, zoti akupita kukamenyana ndi mfumu, anauzidwa atafika kale pa mtsinje wa Euphrates.

Pa ulendowu pali zinthu ziwiri zimene sindiiwala. Tsiku lina ngolo zinatitimira m'matope, ndipo Cyrus atakwiya ndi kuchedwako analamula Aperisi olemekezeka omuzungulira kuti athandize. Iwo anaponya pansi mikanjo yawo yofiirira pomwe anaimapo, nathamangira m'matopemo, mikanda ili m'khosi ndi zibangili zili m'manja. China ndi mlandu wa Orontas, wachibale wa banja lachifumu, amene analembera Artaxerxes kalata yoti athawira kwa iye ndi apakavalo, wonyamula kalatayo nkukaipereka kwa Cyrus. Anamuzenga mlandu m'hema pamaso pa Aperisi asanu ndi awiri akuluakulu ndi Clearchus. Atagamula, onse, ngakhale abale ake, anamugwira lamba wa m'chiuno, chizindikiro cha imfa. Akumutulutsa, anthu amene ankamugwadira kale anamugwadirabe, akudziwa bwino kumene akupita. Analowa m'hema lina, ndipo palibe anamuonanso, ngakhale manda ake. Munthu ankatha kutaya moyo ku Persia ulemu wa kubadwa kwake uli chikhalire.

Anakumana ku Cunaxa, kumpoto kwa Babylon, m'mphepete mwa Euphrates. Xenophon amati mfumu inali ndi asilikali 900,000, chiwerengero chimene olemba mbiri a lero sachivomereza. Koma mzere wa mfumu unali wautali ndithu, moti pakati pake panapitirira mapeto a mzere wa Cyrus. Mafumu a Persia ankaima pakati pa gulu lawo. Cyrus anauza Clearchus kuti alunjike pomwepo, poti nkhondo yonseyi inali yofuna munthu mmodzi, koma Clearchus anaopa kusiya mtsinje kuti angazingidwe. Agiriki anathamangitsa amene anayang'anizana nawo, magaleta a zikwakwa akudutsa pakati pawo opanda owayendetsa, napitiriza kupirikitsa kutali kumene kunalibe phindu. Cyrus anatsala ndi apakavalo 600. Anawomba nawo pa apakavalo 6,000 otchinga mfumu, nawabalalitsa, ndipo ataona mkulu wake anamulasa pachifuwa kupyoza malaya achitsulo. Nthawi yomweyo wina anamulasa iye pansi pa diso. Anagwa, ndipo asanu ndi atatu mwa anzake apamtima anafera pa mtembo wake. Anali ndi zaka pafupifupi 22. Anamudula mutu ndi dzanja lamanja.

Mtima wa nkhani yonseyi, kwa ine, uli pa zimene zinachitika kutacha. Agiriki aja, osagonja kwa aliyense, atamva kuti bwana wawo wafa anatumiza uthenga kwa Ariaeus kuti abwere, amukhazika iyeyo pampando. Ariaeus anakana. Anati kuli Aperisi ambiri omuposa pa kubadwa amene sangalole kuti iye awalamulire. Munthuyu anali ndi asilikali oopsa akumuikira ufumu m'manja, koma ankadziwa chimene alendowo sankachidziwa, choti mpando wa Persia unkakhala pa mapewa a mabanja akuluakulu, ndipo mabanjawo akanagwadira mwana wa Achaemenes yekha. Cyrus magazi amenewo anali nawo, koma ngakhale iyeyo, pa ulendo wonse wa miyezi ingapo, ambiri mwa mabanjawo sanamutsatire. Ndi chifukwa chake anakagula mikondo kwa Agiriki. Ine ndimaona kuti nkhondoyi anailuza asanachoke ku Sardis.

Posakhalitsa Ariaeus anakhululukidwa nabwerera kwa mfumu. Tissaphernes anaitanira atsogoleri a Agiriki m'hema lake pafupi ndi mtsinje wa Zab, nawagwira, ndipo Clearchus anakaphedwa kwa mfumu. Otsalawo anayenda okha kulowera kumpoto, m'chisanu cha m'mapiri a Armenia, mpaka ku Trapezus pa nyanja ya Black Sea.

Kunyumba yachifumu nkhondo inali isanathe. Zotsatirazi timazimva kwa Ctesias, sing'anga Mgiriki amene anakhala zaka zambiri m'nyumbamo ndipo ndi amene anachiza bala la mfumu. Artaxerxes ankafuna kuti dziko lizinena kuti mng'ono wake anamupha ndi iyeyo. Msilikali wina wa ku Caria ndi mnyamata wina dzina lake Mithridates, amene ankadziwa mmene zinakhalira, anapatsidwa mphatso kuti akhale chete. Onse awiri pakamwa panawalaka, ndipo anafa imfa zozunza za masiku ambiri, Parysatis akusonkhezera. Panatsala Masabates, mdindo amene anadula mutu ndi dzanja. Pa ameneyu mfumu inalibe chifukwa, choncho Parysatis anaitana mwana wakeyo kuti atchove juga. Analuza dala ndalama zagolide 1,000, kenako anapempha kuti abwereze, chikole chikhale mdindo mmodzi. Anapambana, nasankha Masabates, namusendetsa khungu ali moyo. Womaliza anali Stateira, mkazi amene anthu wamba ankamukonda chifukwa ankayenda m'ngolo yosatseka makatani, amayi nkumamulonjera. Awiriwa, poopana, ankadya chakudya chimodzi cha m'mbale imodzi. Akuti Parysatis anadula kambalame ndi mpeni wopakidwa chiphe mbali imodzi, nadya yekha mbali yabwino, inayo napatsa mpongozi wake. Stateira anafa, wantchito wa Parysatis dzina lake Gigis anaphedwa, ndipo mwini wakeyo anangothamangitsidwira ku Babylon, kumene sanakhalitse asanaitanidwenso.

Nkhani zimenezi ndimaziwerenga mosamala. Agiriki ankakonda kunena kuti Persia ndi dziko lovunda lolamulidwa ndi akazi ndi adindo, ndipo Ctesias ankadziwa zimene anthu akwawo ankafuna kumva. Koma dziko limene ankalitcha lovundalo linakhalapobe zaka zina 70. Artaxerxes analamulira mpaka cha m'ma 358, nthawi yaitali kuposa mfumu ina iliyonse ya m'banjamo. Egypt inamupulumuka m'zaka za mkangano ndi mng'ono wakezi, koma Agiriki anawagonjetsa ndi golide wake, ndalama zija zokhala ndi chithunzi cha mfumu itagwira uta, ndipo mu 386 anawalembera yekha mfundo za mtendere, mizinda yawo yonse ya ku Asia nkubwerera m'manja mwake. Parysatis sindimuikira kumbuyo, zimene akuti anachitazo ndi zoopsa. Komabe sindivomera kuti anali mayi wamisala chabe. Anali mutu wa nyumba yokhala ndi minda, akapitawo ndi anthu odalira dzina lake, m'dziko limene nyumba yosabwezera inkaoneka yofooka. Clearchus ali m'ndende, iye ankamutumizira chakudya kudzera mwa Ctesias chifukwa anatumikira mwana wake. Ankawerengera onse, omuchitira zabwino ndi omulakwira.

Tissaphernes anapatsidwa zigawo za Cyrus monga mphotho. Mu 395 Agesilaus, mfumu ya ku Sparta, atagonjetsa asilikali ake pafupi ndi Sardis, mfumu inatumiza Tithraustes, mkulu wa alonda ake, ndi lamulo. Anamugwirira ku Colossae, mzinda womwe uja wa Akolose, namudula mutu nkuutumiza kwa mfumu, Parysatis atapeza chimene ankadikira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Amene anathandiza kumugwira anali Ariaeus.

Pali malo amodzi m'nkhaniyi amene Xenophon amangowadutsa m'mizere iwiri. Cyrus atafa, Tissaphernes akuperekeza Agiriki kulowera kumpoto m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, anafika pa midzi ina imene inali ya Parysatis. Pofuna kunyoza malemuyo, Tissaphernes anauza Agirikiwo kuti afunkhe midziyo mmene angafunire, kupatula kutenga anthu ukapolo. Munali tirigu wambiri, nkhosa ndi katundu wina. Eni nkhokwezo mayina awo sanalembedwe. Anali atakolola kale chaka chimenecho, ndipo dzinja linali pafupi.